Dzanja Lopindika la a Mwakalinga

Makhadi anamwazikanso pansi, ena mpaka kunsi kwa kabati. A Mwakalinga anawayang'ana, nayang'ana dzanja lawo lamanja, natsonya.

"Aka n'kachingati lero?" anafunsa akazi awo, mayi a Tuse, akulowa ndi tiyi wamkaka ndi mandasi. "Anzanu akamakula amagula Baibulo la zilembo zikuluzikulu. Inu mwagula juga."

"Si juga iyi, mayi. Ndi mankhwala."

"Mankhwala ake otola pansi? Ndiye wochira akhala ine, poti wowerama ndine."

Anawerama ndithu, nayamba kutola.

A Ambokile Mwakalinga anali wometa wodziwika ku Mwanjelwa, mumzinda wa Mbeya. Ndevu ndiye zinali luso lawo. Lumo linkayenda pakhosi pa munthu ngati nthenga, moti ena ankagona tulo pampando. Sitiroko inawapeza m'nyengo ya mvula, ali chiimire ndi chipeso m'manja. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala lopindika, zala zitakhota ngati za munthu wofumbata kanthu. Atayesa kubwerera kuntchito, a Sanga, wapolisi wopuma amene anali kasitomala wawo wakalekale, anaona lumo likunjenjemera pagalasi. Anadzuka pampando tsaya limodzi lili thovu lokhalokha, nati akumbukira zina zofunika kunyumba. Kuyambira tsikulo aliyense wolowa ankadikira a Kibona, mnzawo amene ankameta naye m'chipinda chomwecho, ngakhale mzere utalike bwanji.

Kuchipatala anawapatsa kampira koti azifinya. Anakafinya masiku ochepa, kenaka anakaponya kuseri kwa mpando, nati iwo si mwana wa mphaka. Ndiye mwana wawo Tusekile, mphunzitsi ku Iringa, anawasiyira foni yaikulu kuti azitayirapo nthawi. Mmenemo ndi mmene tsiku lina anakumana ndi kanema wa munthu wochita matsenga a makhadi. Nkhope yake sinkaoneka, manja okha pansalu yobiriwira. Chingelezi chake chinali chothamanga, a Mwakalinga ankangotolapo mawu apa ndi apo, koma manja safuna womasulira. Munthuyo ankachita kamodzi mwachangu, iwe n'kudabwa, kenaka n'kutembenuza manja kuti uone zakuseri.

Chinsinsi chake chinali chaching'ono. Wina akasankha khadi n'kulibweza pakati pa anzake, kachala kakang'ono kamagwira kampata pamwamba pa khadilo, kobisika kumbuyo. Ukamadula makhadi uku ndi uku, oonerera amati lasochera, pamene iwe walikweza pamwamba. Mphunzitsiyo ankagwira kampatako ndi dzanja lamanzere. A Mwakalinga ankafuna kuti ntchitoyo igwere dzanja lodwalalo, choncho anatenga galasi lawo lakale lometera, naimika foni moyang'anana nalo. M'galasimo dzanja lamanzere la mphunzitsi linasanduka lamanja. Anachepetsa liwiro la kanema mpaka munthuyo ankayankhula ngati woledzera, nayamba kutsatira.

Kachalako poyamba sikankamva n'komwe. Ankakauza kuti kapinde, iko kali duu. Patapita milungu kanayamba kugwedera, kenaka kanagwira kampata koyamba. Tsiku limenelo a Mwakalinga anadya nthochi zophika ndi nyama mbale ziwiri.

Chimwemwe chinawapupulumitsa. Loweruka lotsatira anaika makhadi m'thumba, nakwera bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu, kupita kometera.

"Amwene, sankhani limodzi," anauza a Kibona, anthu ali thothotho pabenchi.

A Kibona anazimitsa makina, nasolola khadi, naliyang'ana, nalibweza pakati. Kenaka anapendeketsa mutu.

"Koma amwene, kampata mwasiya kumbuyoko ndi ka chiyani? Pamenepo bajaji ikhoza kudutsa ndi katundu yemwe."

Anthu anaseka. A Mwakalinga anafuna kudula msanga, chala chinaterereka, makhadi onse mwaza pansi pakati pa tsitsi lometedwa. Kusekako kunatha nthawi yomweyo. Bambo wina anatola makhadiwo, nawapukuta pathalauza, nawapereka ndi manja awiri maso ali kumbali.

"Mwayesetsa, madala. Mulungu ndi wabwino."

Mawu amenewo anawawa kuposa kuseka kuja. Atafika kunyumba anaponya makhadi padengu la zinyalala, nagona choyang'ana kukhoma dzuwa likanali pamutu.

Mayi a Tuse atabwera kuchokera kumsika, kumene ankagulitsa mpunga wa ku Kyela, anamva nkhani yonse osadula mawu. Anapita padengu paja, natola makhadi, nawaika pachifuwa pa amuna awo.

"Dzukani. Kuthamanga si kufika. Munapita kukaonetsa anthu musanandionetse ine?"

"Si inu munkati ndi juga?"

"Ndinkatero. Koma dzulo mwamanga nokha mabatani a malaya. Mumayesa sindinaone? Ine maso angawa amaona kamwala m'thumba la mpunga. Tsiku limene mudzandipusitse ine, mudzapite kwa a Kibona."

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse akaweruka kumsika, ankakhala pakhonde awiriwo. Mayi ankasankha khadi, n'kulibweza, maso ali tong'o pa zala za amuna awo.

"Ndaona."

"Mwaona chiyani?"

"Chala chatukuka ngati cha mlendo akumwa tiyi. Bwerezani."

Mawa lake: "Ndaona. Mukamabisa mumaluma mlomo."

Tsiku lina: "Manja sindinaone, koma mwasiya kupuma. Munthu wosalakwa amapuma."

A Mwakalinga ankakwiya, n'kumati wakutsina khutu ndi mnansi koma uyu wafika pokudula khutu lenilenilo. Komabe ankabwerera pagalasi. Anaphunzira kudula kawiri, anaphunzira kusakaniza makhadi lapamwamba osasuntha. Mayunitsi akatha ankabwereza zimene mutu unasunga. Mvula inatha, kuzizira kwa Mbeya kunafika, zala zinkauma mmawa, iwo n'kumaziviika m'madzi ofunda asanayambe. Makhadi oyamba anafewa ngati masamba ofutsa, nagula ena.

Ndiye kunabwera kanema wovuta kuposa onse, wa kubisa khadi m'chikhatho. Mphunzitsi uja anabwereza kambirimbiri kuti vuto si kugwira khadi ayi, koma kuti dzanja lobisa limaoneka lopindika, ndipo aliyense amalikayikira. A Mwakalinga anawafotokozera akazi awo zimenezi akuusa moyo.

Mayi a Tuse anasiya kusankha mpunga.

"Bambo a Tuse, kodi lanulo likhala lopindika kuyambira liti?"

"Mukunditonza?"

"Ayi. Ndikufunsa. Kutchalitchi, kumsika, ndani amaliyang'ana? Anthu amachita nalo manyazi. Akakupatsani moni maso amathawira kudenga."

A Mwakalinga anakumbukira bambo uja wopukuta makhadi pathalauza. Pang'onopang'ono anaika khadi m'chikhatho, kachala kakang'ono mbali iyi, tsinde la chala chachikulu mbali inayo. Anatsitsa dzanja, naligoneka pamimba monga linkakhalira masiku onse. Anayang'ana pagalasi. Linali dzanja lomwe lija la munthu wodwala. Anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, kwa nthawi yoyamba chidwalireni.

Kulowetsa khadi m'chikhathomo popanda phokoso kunawatengera mwezi wina wathunthu. Tsiku limene mayi a Tuse anafufuza khadi lawo mumpukutu wonse osalipeza, sanayamikire. Anangopukuta manja pachitenje nati, "Malaya oyera aja ndachapa. Loweruka muvale amenewo."

Loweruka kometera kunali kodzaza. A Sanga analipo, atakhala pabenchi kudikira a Kibona, chipewa chili pabondo. A Mwakalinga atatulutsa makhadi, a Kibona anakweza tsache m'mwamba.

"Dikirani amwene, ndisese kaye, agwere poyera."

"Sesani m'maso mwanumo," anayankha a Mwakalinga. "A Sanga, inu ndinu wapolisi. Mbava munazigwira zambiri. Sankhani."

A Sanga anasolola khadi, naonetsa anthu ataliphimba ndi chipewa. Inali mfumukazi yofiira ya mtima. Analibweza pakati. A Kibona anazungulira kumbuyo, nasuzumira, napendeketsa mutu uku ndi uku. Kampata sanakaone. A Mwakalinga anadula kamodzi, kawiri, akufunsa bambo wina za mtengo wa feteleza, ndipo ankapuma bwinobwino.

"Iyayi," anatero a Sanga mwadzidzidzi. "Ine zamasewera sindifuna. Bweretsani kuno ndisakanize ndekha."

A Kibona anayang'ana mnzawo mwachisoni.

"Asiyeni, a Sanga. Munthu akungoyesa."

"Ayi, apatseni ufulu wawo," anatero a Mwakalinga. Anasalaza makhadi kamodzi ndi dzanja lodwala lija, nawapereka ndi lamanzere. Lamanjalo linabwerera pamimba, lopindika monga mwa masiku onse. Anayang'ana nkhope imodziimodzi. Maso onse anali pa a Sanga.

A Sanga anasakaniza ngati akulanga makhadiwo. Anadula, nasakanizanso, napatsa a Kibona kuti nawonso asakanize.

"Eya. Lipezeni tione," anatero a Sanga.

"Ine? Makhadi ali m'manja mwanu. Lipezeni ndinu."

A Sanga anayamba kuwayala pabenchi limodzilimodzi. Anthu anaunjikana. Anafika kumapeto, nabwerezanso, akunyowetsa chala ndi malovu. Mfumukaziyo munalibe.

"Lagwa pansi," anatero wina. Anthu anasuzumira kunsi kwa mipando.

"Silinagwe," anatero a Mwakalinga. "Vuto la apolisi ndi limeneli. Amasecha aliyense, kuiwala kudzisecha okha."

Anakweza dzanja lamanja pang'onopang'ono, nalilowetsa m'thumba la jekete la a Sanga. Potuluka, zala zija zinatambasuka pamaso pa onse, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala panali mfumukazi yofiira ya mtima, itaima njo, osagwedera.

Phokoso lake anthu a m'sitolo yoyandikana anathamangira kudzaona ngati kwabuka ndewu. Bambo amene ankametedwa anadumpha pampando mutu utametedwa mbali imodzi. A Kibona anagwira kumutu, akuzungulirazungulira ndi tsache.

"Galu wamkota sakandira pachabe! Amwene, mwapita kwa sing'anga uti?"

"Sing'anga wake ali mufoni. Salandira nkhuku, amadya mayunitsi."

"Chitaninso!"

"Kawiri n'kuphunzitsa. Ine ndabwera kudzagwira ntchito."

A Sanga sanaseke nawo. Ankayang'ana dzanja lija, tsopano mosabisa. Kenaka anaimirira, napachika jekete pamsomali, nachotsa mulu wa matawulo umene unali pampando wa a Mwakalinga, nakhalapo.

"Ndevu," anatero. "Masaya onse awiri."

A Mwakalinga anawafunditsa nsalu, napaka thovu, naika lezala latsopano m'lumo. Lumo linatsika patsaya, linazungulira chibwano, linafika pakhosi. Silinkathamanga ngati kale, koma linkapita kumene latumidwa. A Kibona anayatsa makina awo, nauza anthu kuti asiye kuyang'anitsitsa ngati sanaonepo munthu akumetedwa, koma iwo eni maso anali pagalasi.

Atatha, a Sanga anasisita chibwano, nachipenda uku ndi uku. Sanadzuke msanga. Anayankhula motsitsa, kuti amve awiri okha.

"Tsiku lija ndinathawa pano, sikuti ndinkaopa lumo lokha ayi. Akulu anga ku Tukuyu matenda omwewa anawagwira chaka chatha. Dzanja linapinda chimodzimodzi. Anali kalipentala. Pano amangokhala kuchipinda, safuna kuona munthu, ngakhale ine. Nditaona lanu likunjenjemera, mtima sunapirire."

A Mwakalinga anapukuta lumo pathawulo. Dzanja linali litatopa, likukoka mpaka m'chigongono, koma linali lawo.

"Zala zimagwedera?"

"Pang'ono. Ziwiri."

"Ine ndinayamba ndi chimodzi. Galasi lalikulu ali nalo?"

"Lilipo la alamu."

"Ndiye mawa tikatuluka m'tchalitchi mudzanditenge. Mugule makhadi atsopano, akale amamatirirana. Ndipo tikakafika musakanene kuti ndabwera kudzawaona matenda. Mukanene kuti pali munthu wina wa ku Mwanjelwa amene akuti akalipentala alibe maso."

A Sanga anaseka, napukuta m'maso ndi ngodya ya nsalu. A Mwakalinga anaikutumula nsaluyo kawiri, natembenukira kubenchi.

"Wotsatira."