Tsamba la Mlamu

Kunacha kozizira Lachisanu limenelo, mphepo yochokera ku Viphya ikuulutsa fumbi mumsewu wa kumsika wa Mzimba. Malizani anatsamiritsa njinga pakhonde la shopu ya Mwasiti, mayi wochita fotokope amenenso anali ndi makompyuta awiri obwereketsa. Analowa, napereka moni ndi mutu, nakhala pampando wapangodya.

Zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto, kubaya katemera ndi kuyang'anira madibi a ng'ombe kuyambira ku Embangweni mpaka ku Jenda. Bungwe limene linamulemba litatseka, iye anangotsala ndi njinga ndi jombo. Tsopano bungwe lina linkafuna munthu mmodzi woyang'anira za ng'ombe ku Jenda. Kalata ya pamanja silinkaifuna. Linkafuna kuti munthu atumize tsamba lake la pa intaneti, lija anthu amalembapo ntchito zimene anagwirapo ndi kulumikizana ndi anzawo. Nthawi yotumiza inkatha folo koloko tsiku lomwelo.

Tsambalo Mwasiti anamutsegulira Lolemba. Atamufunsa zoti alembe pa luso lake, Malizani anangoti, "Ng'ombe." Chithunzi anakana, ati nkhope siibaya katemera. Mwasiti anaseka, namusiya kuti amalize yekha.

Koma sanamalize. Tsiku lililonse, mayiyo akangotembenukira ku makina a fotokope, iye ankalemba ndi chala chimodzi dzina la Aubrey, mlongo wa malemu mkazi wake Sellah. Kalelo Aubrey anabwera pakhomo pake akuopa nyanga za ng'ombe, ndipo ndi Malizani amene anamuphunzitsa kugwira ng'ombe pamphuno ndi kusungunula mankhwala a dibi osapyola muyezo. Lero pachithunzi anali atavala tayi, ataima pafupi ndi dibi limene Malizani anakumba ndi anthu a m'mudzi. Pansi pa dzina panalembedwa kuti katswiri. Olumikizana naye anapitirira mazana asanu. Malizani ankawerenga mzere uliwonse mpaka mtima kuwawa, kenaka n'kuyambiranso pamwamba. Ankadziwanso kuti ntchito ya ku Jenda ija Aubrey anali atafunsira kale.

Anali pakati pa kuwerengako pamene njinga yamoto inaima panja. Anafuna kutseka tsambalo, koma chala chinasochera. Aubrey analowa akuvula magolovesi, napereka moni kwa Mwasiti, nadzaima kumbuyo kwa mpando.

"Alamu, mwandisowa chomene eti? Kunyumba simubwera, koma patsamba langa mwafika masiku asanu sabata ino. Lachitatu ndiye m'mawa ndi masana."

Malizani anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana Mwasiti, poganiza kuti ndiye waulula. Mayiyo anakweza manja, nanena kuti iye alibe mlandu, tsambalo limadziwitsa lokha mwini wake za munthu amene walisuzumira. Aubrey anatulutsa foni namuonetsa. Dzina la Malizani linali pomwepo, pambali pa kabwalo kotuwa kopanda nkhope.

Manyazi anamugwira m'makutu. Iye ankayesa kuti akusuzumira pampanda, osadziwa kuti tsiku lililonse ankagogoda pakhomo.

"Ndimaona kalembedwe," anatero.

"Kalembedwe masiku asanu? Mbwenu mukanakhala mutalemba buku. Inenso lanu ndinaliona. Muli dzina basi, ngati khola lopanda ng'ombe."

Mwasiti anabisa kamwa ndi mpango. Aubrey anakoka mpando wachiwiri nakhala, ndipo mawu ake anatsika. Anafotokoza kuti Lachiwiri anamutumizira pempho loti alumikizane, koma silinayankhidwe. Anali atalembanso umboni wa ntchito ya mlamu wakeyo, umene mabwana amawerenga asanaitane munthu, koma sukanafika patsamba ngati mwini wake sanavomere pempholo. Malizani anali ataliona. Analisiya dala, poganiza kuti Aubrey akungofuna kuonjezera mutu umodzi pa mazana asanu aja.

"Iwenso ukuifuna ntchitoyi," anatero Malizani.

"Ndikuifuna, sindinama. Koma akatenge munthu ataona tonse awiri. Ndikapambana inu muli kabwalo kotuwa, kumudzi adzati ndinabera mwamuna wa mlongo wanga."

Aubrey anaimirira, nati akupita ku Euthini. Pakhomo anatembenuka. "Yewo, alamu. Muzipesa tsitsi asanakujambuleni."

Njinga yamoto itapita, Malizani anatembenukiranso ku kompyuta. Mwasiti sanamufulumize. Anangomukumbutsa kuti thwelofu yakwana ndipo magetsi a masiku ano sadalirika. Pomaliza iye analoza pempho lija ndi chibwano, mayiyo nadina. Posakhalitsa umboni uja unafika, ndipo Malizani anauwerenga akusuntha milomo.

Aubrey analemba kuti zonse zimene amadziwa pa ng'ombe anaziphunzira kwa munthu ameneyu. Analemba za chaka chimene matenda a nkhupakupa anavuta ku Embangweni, pamene Malizani anayenda pa njinga milungu itatu, khola ndi khola, mpaka ng'ombe zinasiya kufa. Anatinso munthuyu salankhula zambiri, choncho wofuna kumudziwa akafunse eni makola.

Munalibe bodza ngakhale limodzi. Chimene chinamupweteka n'chakuti zinalembedwa bwino. Chingerezi chake chinali chosalala, choti iye sakanachitulutsa ngakhale atapatsidwa mwezi. Bwana aliyense wowerenga akanafunsa kuti kodi mnyamata wolemba chonchiyu ndi ndani. Ngakhale pomuyamikira, Aubrey anali patsogolo.

Mwasiti anafunsa ngati auike poonekera kapena aubise. Malizani anaganiza za miyezi khumi imene wakhala akudzuka m'mawa wopanda kopita. Anaganizanso za Aubrey atakhala mu ofesi ya ku Jenda, tayi ili pakhosi.

"Ikani," anatero. "Koma pansi. Pamwamba zanga."

Anayamba kutchula madibi, limodzi limodzi, ndi chaka chimene anakumba lililonse, ndi mayina a midzi. Mwasiti ankalemba, nthawi zina n'kumuimitsa kuti abwereze. Atafika pa dibi lija la pachithunzi cha Aubrey, anamuuza kuti alembe dzina la dibilo kawiri, pa kukumba ndi pa kuyang'anira. Mayiyo anati kamodzi n'kokwanira. Iye anabwereza kuti kawiri, ndipo zinalembedwa kawiri.

Itangopitirira thuu koloko, panatsala chithunzi chokha. Malizani anavula chipewa, naima pakhoma loyera la shopuyo osamwetulira, Mwasiti namujambula ndi foni. Anawerenga tsamba lonse kamodzi, kenaka anadina yekha potumizira.