Mtsuko ndi Chigubu cha Alamu

Zigubu za buluu zinafika pamsika wa Milange zitalembedwa pambali kuti madzi amakhalamo ozizira tsiku lonse. Wogulitsa anali Zeferino, mkulu wake wa mwamuna wa Bernardina, ndipo amayi a kwawo ku Majaua anayamba kutaya mitsuko yawo kuseri kwa nyumba.

Bernardina, mphunzitsi wa fizikisi, sanakangane ndi munthu. Anatunga madzi pamjigo, ena nathira m'chigubu, ena mumtsuko wa amayi ake, n'kuziika pakhonde la kalasi. Masana ana anaviika choyezera kutentha monsemo. A m'chigubu anali ofunda ngati osambitsira khanda. A mumtsuko anali ozizira, chifukwa dothi limachita thukuta, ndipo thukutalo likamauma limapita ndi kutentha.

Ana anakaifalitsa nkhaniyo m'makomo mwawo. Tsiku lotsatira, dzuwa likuswa mtengo, Zeferino anatulukira pasukulupo panjinga atamanga nkhope.

"Alamu, mukundiphera malonda. Auzeni anawa kuti kachida kanuko n'kowonongeka."

"Ine bodza sindiphunzitsa, alamu."

"Ndikakunenezani kwa amuna anu."

"Pitani. Mukawapeza akumwa a mumtsuko."

Bernardina anatunga makapu awiri, ina m'chigubu ina mumtsuko, n'kuwaika patebulo kalasi yonse ikuona. Zeferino thukuta linali kamukamu, milomo itauma ndi fumbi la mumsewu.

"Kachida kanga kasiyeni, mwina kakunamadi," anatero Bernardina. "Imwani nokha. Anawa angoona kapu imene mumalize."