Amayi a m'Buku la Ababa

Kukampani yosindikiza mabuku kumene ankagwira ntchito ya ukonzi, anzake ankamutcha Lumo, chifukwa buku likalowa m'manja mwake lili lonenepa linkatuluka lili ndi chiuno. Alembi ankamutukwanira mumtima, kenako n'kubweranso ndi buku lina. Choncho tsiku limene bambo ake omubereka anamuikira mulu wa mapepala patebulo la pabalaza, mtsikanayu sananjenjemere.

Bambowo anagwira ntchito yomasulira mawu kukhoti mpaka kupuma. Akazi awo atamwalira, anayamba kulemba nkhani yopeka ya banja lina, ndipo tsopano anali atamaliza.

"Uwerenge ngati mkonzi, osati ngati mwana wanga," anatero.

"Mukunenetsa, ababa? Mkonzi alibe bambo."

"Ine ndaona zigawenga maso ndi maso. Kacholembera kako kofiirako kangandiopse?"

Lumo anatenga mapepalawo. Loweruka lotsatira anabwera nawo atafiira ngati adutsa kophera ng'ombe. Bambo ake anavala magalasi n'kukhala tsonga pampando wawo wa ndalema.

"Tiyambe ndi zopepuka," anatero Lumo. "Machaputala awiri oyambirira achoke."

"Achoke apite kuti?"

"M'kabati. Mwayamba ndi kubadwa kwa agogo, mtundu wa malata, mvula ya chaka chimenecho. Nkhani yanu ikuyambira pamene mkazi uja akutulukira kuti mwamuna wake anasiya ntchito osamuuza. Wowerenga ndi mlendo wapaulendo. Mukam'chulukitsira malonje pakhomo, amatsanzika."

Bambowo anang'ung'udza, koma analemba penapake.

"Chachiwiri, tamverani izi." Lumo anawerenga mokweza: "'Mwamuna wanga wokondedwa, ndikufuna kukudziwitsani kuti ndakhumudwa kwambiri ndi zimene mwachita.' Ababa, ndani amayankhula chonchi mtima utawira? Anthu anu onse akuyankhula ngati aimirira m'bokosi la mboni. Munthu wokwiya samaliza chiganizo. Amamenyetsa chitseko."

"Chichewa cholongosoka ndi mlandu tsopano?"

"Pakamwa pa woweruza si mlandu. Kukhitchini ndi mlandu."

Apa bambowo anaseka pang'ono. Lumo anaona kuti nthawi yakwana, anatseka cholembera chake n'kuwayang'ana.

"Mkazi wa m'bukumu ndi amayi, si choncho?"

Lumo sanadikire yankho.

"Ndiye mwawalakwira. Mkazi ameneyu sakalipa, saseka mokweza, ntchito yake n'kukhululuka basi. Ndafika kumapeto osam'dziwa. Amayi anga ine ankabera pamasewera a makhadi, akagwidwa n'kumanamizira maso. Ankaimba nyimbo mophonya mawu, wowakonza n'kuona zakuda. Anathamangitsapo landilodi ndi chikolopa. Ali kuti amayi amenewo?"

"Iwe, wakufa sanenedwa zoipa."

"Si zoipa zimenezi, ababa. N'zimene tinkawakondera. Mwawapaka laimu mpaka nkhope yawo yafufutika."

Bambowo anavula magalasi, anaimirira, n'kutuluka panja. Lumo sanawatsatire. Iye ankawadziwa bwino alembi: wina amalira, wina amaopseza kuti apita kwa loya, koma woti adzalembadi buku amabwerera yekha. Anatsuka makapu, anapukuta tebulo, akuwaonera pawindo akuthirira maluwa amene anali atawathirira kale.

Bambowo atalowa, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Sichinali chikolopa. Inali ambulera."

"Ambulera?"

"Yakuda ija, yothyoka nthiti. Munthu uja anabwera n'kumati mwana akulira kwambiri, akusokoneza anthu ena. Mwanayo unali iwe. Amako anati, 'Mukamuuze nokha, mwina inu akumverani!' Kenako ambulera m'mwamba. Landilodi anasiya nsapato imodzi pamasitepe, ndipo amako anakana kubweza mpaka atabwera kudzapepesa."

Ankafotokoza akusintha mawu, uku akutsanzira akazi awo, uku landilodi, uku akutsimphina ndi phazi limodzi kuzungulira tebulo. Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Lumo anawasiya kaye, kenako anawakankhira pepala loyera.

"Lembani zimenezo. Ndendende mmene mwanenera."

Anagwira ntchitoyo nyengo yonse yozizira. Lumo anawapatsa malamulo ake: chaputala akamaliza achisiye chizizire asanachikhudzenso, ndipo achiwerenge mokweza, pamene lilime lapunthwa adziwe kuti wowerenganso adzapunthwa pomwepo. Oyandikana nawo anayamba kufunsa ngati mdala uja wapeza mkazi wina, poti m'nyumbamo munkamveka mikangano ya anthu awiri.

Bukulo litapsa, bambowo anafuna kulipereka kukampani ya mwana wawo.

"Kwathu ayi," anatero Lumo. "Adzati mwalowera pawindo. Tumizani kwina machaputala atatu ndi tsamba limodzi lofotokoza nkhani yonse, mathero omwe, osabisa. Akakukanani, tumizani kwinanso tsiku lomwelo. Koma amene angakuuzeni kuti buku lanu ndi labwino zedi asanaliwerenge n'komwe, muthaweni."

Ena anakana mwaulemu, ena sanayankhe. Kenako kampani ina yaing'ono inalilandira.

Tsiku lina masana Lumo ali muofesi, foni yake inalira.

"Mkonzi wa kumeneko akufuna ndichotse chaputala cha kuchipatala," anatero bambo ake. "Akuti chikuchedwetsa nkhani."

"Ndiye mwati bwanji?"

"Ndakana. Ndamuuza kuti pamenepo wowerenga ayenera kuchedwa, monga tinachedwera ife pabenchi paja amako akudwala. Ndam'lola adule ndime ziwiri zokha."

Kunena zoona, Lumo akanachichotsa chonse chaputala chimenecho. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anamva mmene mawu a bambo ake anakhazikikira.

"Buku ndi lanu, ababa," anatero. "Musagonje."