Nthambi Pamsewu wa M'kanema

Chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri, ofufuza za ngozi zapamsewu anafika pa Dedza ndi makina oyesera tulo ta madalaivala. Dzina lokha ndiye linali loopsa. Makinawo anali mpando, chiwongolero, mabuleki ndi kanema woonetsa msewu basi. Dalaivala ankachezera osagona, m'mawa n'kukayendetsa galimoto yabodzayo kamera ikumuyang'ana kumaso.

A Kalisto, omwe ankatsitsa mitengo ya paini ku Phiri la Dedza pa lole ya a Issa, sanapiteko mwa kufuna kwawo. A Issa anali atamva mphekesera zoti dalaivala wawo amawodzera pachiwongolero, ndipo ananeneratu kuti makinawo akavomereza, makiyi abwezedwe. Jenifa, mtsikana woyang'anira makinawo, anawauza kuti kafukufuku si bwalo la milandu, koma zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. A Issa anakhala kumbuyo atapinda manja.

Maso ali psuu, a Kalisto anayendetsa bwinobwino. Kenako pa kanemapo panaoneka nthambi zamasamba zili pakati pa msewu. M'malo mozizemba, bamboyo anachepetsa liwiro, anavula chipewa, n'kuzyolika. Galimoto inaponda nthambizo ndipo makina analira.

Jenifa anafotokoza monyinyirika kuti kamera yaona mutu ukugwa, maso atachoka pamsewu. A Issa anaimirira n'kutambasula dzanja. A Kalisto anayamba kupapasa makiyi m'thumba, akuganiza zokauza akazi awo ku Lobi.

"Koma bambo," anafunsa Jenifa, "munthu wogwidwa tulo amayamba wavula chipewa?"

"Si pamaliro paja, mayi? Ndinaona masamba. Ndimati ndipempherereko malemuwo."

Jenifa, mwana wa ku Mayani, anagwira pakamwa, koma phwete linamupulumuka. Anafotokoza kuti kanemayo anapangidwa kunja, komwe nthambi pamsewu ndi nthambi chabe, osati chizindikiro cha maliro ngati kwathu kuno. Opanga kanemayo anaziikapo pofuna kuona ngati dalaivala ali maso.

A Issa anabweza dzanja lawo, nalibisa m'thumba la mkanjo. Anang'ung'udza kuti a Kalisto popemphera aziyang'anabe kutsogolo, ndipo mawa alawirire kuphiri.

Mtima wa a Kalisto unakhala pansi. Anavala chipewa, anafika pakhomo, kenako anatembenuka.

"Ndiye mukuti palibe wamwalira?"

"Palibe, bambo."

"Ambuye alemekezeke," anatero, ndipo anapita kukagona.