Udzu wa Kampu Yosamangidwa

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino, kaya muli pamthunzi kwanu kaya muli m'minibasi ya ku Chipata. Ndiyambe ndi kuthokoza Mwini moyo amene anatiolotsa chaka chija cha mliri tikupumabe. Ndithokozenso inu pondibwereka makutu.

Ku Mnkhanya kunali munthu dzina lake Abson Sakala, ndipo ntchito yake inali yonyamula tiyi. Musaseke. Nyengo ya chilimwe alendo ochokera kutsidya kwa nyanja ankabwera kudzayenda pansi m'tchire la Luangwa kuti aone nyama. Ankayenda pamzere: kutsogolo sikauti ndi mfuti, kenako wolongosola za nyama, kenako alendowo, ndipo kumapeto kwenikweni Abson, chikwama kumsana, muli ketulo, makapu ndi mabisiketi. Akafika pansi pa mvunguti iye ankakoleza moto, alendo n'kumwa tiyi njovu zikudutsa patsidya. Anagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zaka zonsezo ankalota chinthu chimodzi: denga la malata.

Mu Malichi chaka cha 2020 anapita ku Jumbe kwa Benwell Mbao, mnzake wa ku sukulu amene anali ndi shopu m'mphepete mwa msewu. Anatenga malata twente-sikisi pa ngongole. Anagwirizana kuti ayamba kulipira mu Juni alendo akabwera, monga ankabwerera chaka ndi chaka ngati mbalame zodziwa nyengo. Denga lakale analigwetsa, udzu wake n'kugawira anansi omanga makola a mbuzi. Tsiku limene anakhoma lata lomaliza, iye ndi mkazi wake Felister anagwada pakhomo n'kuyamika, mwana wawo Delia akuthamanga kuzungulira nyumba.

Sipanathe sabata zitatu, ndege zinaleka kutera ku Mfuwe. Korona anatseka malire. Juni anafika n'kudutsa, Julaye chimodzimodzi. Eni loji ya alendo imene Abson ankagwirako ntchito anayesa kupereka theka la malipiro, koma pofika Ogasiti nalonso linauma.

Okutobala wa m'chigwa mumamudziwa. Masana dziko limaoneka ngati likuyandama, mitengo ya tsanya ilibe tsamba, nyenje zikulira mpaka m'mutu. Abson ankagona chagada pamphasa n'kumayang'ana malata ake, amene ankalira ta, ta, ta chifukwa cha kutentha. Akayang'anitsitsa ankaona alendo akuyenda pamzere m'mizere ya malatawo, zipewa zawo zikugwedera, ndipo dzanja lake linkafufuza lamba wa chikwama paphewa popanda kanthu.

Ali m'maganizo otero tsiku lina Lolemba, anamva galimoto kuima panja. Anali Benwell, masiki ali pachibwano.

"Mwaswera bwanji, a Sakala?"

"Taswera, kaya inu a Mbao. Mpando uwu."

"Ndiima pompano. Akuti tizitalikirana wani mita." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike m'maso. "Mlamu, muli bwanji ndi katunduyo?"

"Akumenya ngati wosewera mpira," anayankha Felister, amene anali ndi pakati, mwana akuyembekezeka mu Disembala.

Benwell anakanda m'khosi. Anati anthu a ku Chipata amene ankamupatsa katundu anali atamuimbira katatu sabata imeneyo, akuti abwera ndi loko wawo kudzatseka shopu. Anati ku Jumbe kuli tichala wina akumanga nyumba, ndipo popeza iye malipiro akulandirabe, wavomera kugula malata okhomedwa kale ngati mabowo a misomali sanang'ambike.

"Malata ake ati?" anafunsa Abson, ngakhale ankadziwa.

Benwell anangokweza maso kudenga.

"Sindinagone masiku atatu, mnzanga. Loweruka ndibwera ndi kanta, galimoto ija ya katundu. Ndikawatenga, ngongole yatha, sindidzakufunsani ngakhale ngwee."

Atapita, Felister anakhala pansi mosamala, dzanja lili m'chiuno.

"Bambo a Delia, munati chiyani mu Juni? Bwerezani ndimve."

"Amake Delia, zisiyeni."

"Anzanga akupita kudambo ndi zikwakwa, ine ndatenga changa, inu munati chiyani?"

Abson anayankha motsitsa mawu. "Ndinati mkazi wa m'nyumba ya malata sadula udzu."

"Ehe. Ndiye tayang'anani kudambo."

Panalibe chifukwa choyang'ana. M'chigwa udzu wofolera umadulidwa mu Meyi ndi Juni, moto usanalowe m'tchire. Pofika Okutobala dambo lonse limakhala lupsa, phulusa lokhalokha, ndipo amene anadula amakhala atafolera kale. Ngakhale ukhale ndi ndalama m'manja, mtolo sungaupeze. Mvula inali pafupi, madzulo kum'mawa kunkang'anima. Malata akachoka Loweruka, mwana adzabadwira pansi pa mitambo.

Felister sanapitirize kumudzudzula. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ija ankaimba akamapeta, ndipo Abson anapezeka akuyikira besi osadziwa kuti wayamba liti.

M'mawa mwake faifi koloko anakwera njinga kupita ku loji, kuti akapemphe eni ake amubwerekeko ndalama. Anafika dzuwa litakwera. Pageti panalibe munthu. Dziwe losambiramo alendo linali lobiriwira, achule akuyandama miyendo ili tambalale. M'chipinda chodyera munagona nswala zitatu zikubzikula, ndipo pamipando yoyang'ana kumtsinje panakhala anyani, wina atapingasa miyendo ngati wayitanitsa chakumwa. Abson anayenda monyang'ama, ngati walowa m'nyumba ya eni ake akupemphera.

"Ndani uyo? Aa, wodya mbewa! Zatha kumudzi kuti udzakumbe kuno?"

Anali a Gideon Mulenga, sikauti wopuma ntchito wa ku Mpika, amene anasiyidwa kulonda malowo. Iwo Mbemba, Abson wa kum'mawa, ndipo pachimbuya cha mitundu iwiriyi kunyozana ndiwo moni.

"Ndamva kuti anyani akuchepa, a Mulenga. Ndabwera kudzawawerenga musanawamalize."

"Awa? Awa ndiwo alendo athu chaka chino. Salipira, koma sadandaula za madzi otentha."

Anaseka mpaka nswala zinadzuka. Koma Abson atanena chimene anadzera, a Gideon anapukusa mutu. Amayi eni loji anali ku Lusaka, atagulitsa kale galimoto ziwiri. A Gideon nawonso malipiro awo anali thumba la ufa pamwezi.

"Ndalama kulibe, mwana wanga. Puma pang'ono dzuwa lipepe, ndikuphikire tiyi. Lero akunyamulire wina."

Abson anazungulira kuseri kwa galaja, kumene kunali mthunzi wa mtondo. Anakhala pansi, n'kutsamira chimulu china chofunditsidwa tenti. Chinali chofewa. Kamphepo kanachokera kumtsinje, mvuu inadzuma patali, ndipo tulo tinamutenga.

Analota kampu ya m'tchire itamangidwa, ija ankamanga chaka chilichonse mu Juni n'kuipasula mvula ikayandikira. Makoma a udzu anali achikasu, akuwala ngati dzuwa lili m'kati mwake. Anthu ankatuluka pamzere kupita kukayenda, koma sanali alendo. Anali a ku Mnkhanya: ophika, ochapa, oyala mabedi, amayi ogulitsa tomato pageti, onse amene chakacho chinawasiya manja lende. Felister analipo, khanda lili kumsana. Abson anadabwa kuona kuti iye ali pakati pa mzere, mapewa ali opepuka. Kumbuyo kunkamveka mapazi a wina wonyamula chikwama, makapu akugundana pang'onopang'ono. Anafuna kucheuka kuti amuone nkhope, koma mtima unamuuza kuti asavutike, amene ali kumbuyoyo sasiya munthu m'tchire.

Chimene chinamudzutsa ndi fungo. Linali fungo la dambo la mu Meyi, la udzu wouma bwino. Anatembenuka, n'kukweza m'mphepete mwa tenti ija. Mitolo. Mitolo pamwamba pa mitolo, yomangidwa ndi luzi, kutalika kuposa munthu.

"A Mulenga! Uwu ndi wa yani?"

A Gideon anafika ndi makapu awiri. "Wa kampu. Amayi anagula kwa azimayi a kuno mu Meyi, ati mwina ndege zibwera mu Julaye. Kampu sinamangidwe. Ukungodyedwa ndi chiswe pansipo." Anamuyang'ana Abson, n'kuyang'ana udzu, n'kuika makapu pansi. "Iwe. Gwira tiyi wako."

Pa loji foni inkagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khitchini. Mkuluyo anakwera chokwawa, n'kuima foni ili kukhutu akuimbira eni loji, dzanja lina litagwira kamtengo. Abson ali pansi ankangomva mbali imodzi.

"Inde, mayi. Abson wa tiyi. Ayi, sanadwale. Denga, mayi. Denga!" Anamvetsera yankho. Kenako anafuulira pansi: "Akuti tenga! Akuti ndi wina aliyense wa ntchito amene nyumba yake ikudontha atenge. Akulira, iwe, ukuwaliza amayi!"

Abson anavula chipewa. Sanapeze mawu a pemphero, anangoti, "Atate, Atate." Kenako anakwera chulu nayenso, n'kubwereka foni ija kuimbira Benwell.

"A Mbao, musadikire Loweruka. Bwerani Lachisanu, koma mudzere ku loji. Kanta ibwere kwathu itanyamula, ichokenso itanyamula."

"Itanyamula chiyani?"

"Udzu."

Benwell anadandaula: "A Sakala, ku loji n'kutali. Kanta simwa mapemphero, imamwa dizilo."

"Ndili ndi atambala awiri."

"Aja owonda aja?" Benwell anapumira m'mwamba, ndipo mawu ake anafewa. "Sungani mmodzi wa mlamu akachira. Ndifika seveni."

Lachisanu kanta inalowa m'mudzi itasenza udzu mpaka osaoneka galimoto, ngati phiri likuyenda lokha. Amuna a mumpingo anali atasonkhana kale. Mkulu wina wodziwa kufolera anayang'ana nyumba n'kunena kuti denga la malata limagona, koma la udzu liyenera kuima, apo ayi madzi adzakhazikika n'kuoletsa udzu. Choncho ena anapita kukadula mitengo ya tsanya yokwezera mtanda, ena n'kumaviika luzi m'madzi.

Misomali Abson anazula yekha. Sanalole wina. Ankaika kathabwa pansi pa hamala kuti lata lisapindike, n'kumazula umodziumodzi, monga anaukhomera. Lata lililonse likamatsika ankaligwira kanthawi lisanachoke m'manja mwake. Benwell ankalandira pansi, n'kumasanja m'galimoto ataika makatoni pakati. Atafika pa lomaliza anati, "Alendo akadzabwera, mudzandipeza pomwe paja."

"Akadzabwera," anatero Abson.

Kanta inanyamuka madzulo, malata akulira m'mabampu. Abson anaima pamwamba pa khoma n'kumamvetsera mpaka phokosolo linasanduka laling'ono ngati la nyenje, kenako n'kutha. Usiku umenewo banja linagona kwa anansi.

Loweruka lonse anafolera, kuyambira m'munsi kukwera, mzere pamwamba pa mzere, akuimba kuti manja asatope. Pofika Lolemba masana panatsala ntchito imene imafuna anthu awiri okha. Felister analowa m'nyumba ndi nsungwi yaitali, n'kutseka chitseko ndi mawindo. Abson anakwera padenga ndi kamtolo m'khwapa. Denga latsopano limayesedwa dzuwa lili paliwombo: pamene padutsa kuwala, padzadutsanso madzi.

"Mukuona chiyani, amake Delia?"

"Nyenyezi," anayankha mawu ochokera mumdima. "Zambirimbiri. Mwafolera denga kapena mwaluka sefa?"

Nsungwi inatulukira pafupi ndi bondo lake. Iye anatsegula udzu ndi zala, n'kulowetsa wina, n'kuusalaza ndi chikhatho.

"Yazima. Ina ili kumanzere kwanu. Ayi, kumanzere, bambo inu!"

Anapitiriza choncho, mkazi akuloza, mwamuna akutseka. Kum'mawa mitambo inali itaunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kunsi, ndipo mphepo inayamba kununkhira dothi. Abson ankakwawa padenga mwakachetechete, akumva mawu a mkazi wake akukwera kudutsa mu udzu ngati akuchokera pansi pa madzi.

"Yatsala imodzi, pamwamba pa bedi penipeni. Ndi yokongola, mwina tiisiye."

"Mudzaikonda ikamadzakudontherani pamphuno?"

Anamva akuseka. Nsungwi inatuluka, iye anatseka, n'kudikira.

"Nanga tsopano?"

"Mdima wokhawokha," anatero Felister. "Tsikani, tsopano mwana abadwe."

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wachifundo akufunditseni. Ngati chaka chinakulandani chimene munachikhoma ndi manja anu, akupatseni pobisala mvula isanagwe, ndi anzanu okwera nanu padenga. Akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu, polowa ndi potuluka. Amen.