Nambala Imene Anaiwala Kufufuta

Anamuchotsa ntchito Lachisanu, koma Lolemba m'mawa foni yake inalira ngati palibe chachitika. Mawaya, yemwe anali katswiri wa makompyuta pachipatala china, anali akuyanika zovala, poti ulova umaphunzitsa munthu ntchito zonse. Atawerenga uthengawo anatukwana mpaka aneba kusuzumira.

Zitsiru zija! Makiyi zinalanda, chiphaso zinalanda, koma nambala yake mu pulogalamu yolondera netiweki zinaiwala kufufuta, ndiye machenjezo onse ankafikirabe kwa iye. Ndipo awa sanali amasewera. Munthu wina wakunja anali atalowa mu seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za chipatalacho, akukoka mafayilo a odwala limodzilimodzi.

Chimene anamuchotsera ntchito n'chomwechi. Kale pulogalamuyo ikaona wakuba inkauza fayawolo, mlonda wa pakhomo la netiwekiyo, fayawolo n'kumutsekera khomo pompo. Tsiku lina inadula molakwitsa msonkhano wa pavidiyo wa abwana, basitu abwana n'kulamula kuti ziwirizo zilekanitsidwe. Mawaya anakana, amvekere kumeneko n'kumangirira galu kuti azingouwa mbava zikututa. Anamutcha wamwano, n'kuitana munthu wina kudzazilekanitsa.

"Zisiyeni inu," anatero mkazi wake ali pakhomo. "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha."

"Ifotera ndani? Abwanawo? Mmenemo muli zotsatira za magazi a anthu. Za mchemwali wanga zilimo, zimene ngakhale apongozi ake sakuzidziwa!"

Anaimbira abwana foni kanayi, osayankhidwa. Anakwera minibasi manja adakali ndi thovu.

Abwana anamulandirira pakhonde la chipatala, manja ali m'chiuno.

"Bwana, akukuberani mafayilo," anatero Mawaya ali wefuwefu. "Zulani chingwe chabuluu kuseri kwa seva, pompano."

"Iwe wadziwa bwanji?"

Anawaonetsa foni. Abwana anawerenga mwapang'onopang'ono, milomo ikuyenda, kenako nkhope n'kuwala ngati munthu amene watola chikwama.

"Eee! Kani ukadali m'makompyuta athu? Nanga wakubayo si iweyo? A gadi, mulandeni foniyo. Ndikuitana apolisi."

Abale inu, chifundo chinaphadi nkhwali. Mawaya anapsa mtima. Anayang'ana pabenchi pamene odwala, amayi ndi abambo, anakhala phee, timabuku tawo takuchipatala tili m'manja, osadziwa kuti zimene ananong'oneza dokotala zikupita kwa munthu wachilendo. Mphindi iliyonse yokangana ndi mutu woumawu inali mafayilo enanso.

Anaponyera gadi foni ija. Gadi ali kalikiliki kuiwakha, iye anali atadutsa kale, ali liwiro mukolido. Chitseko cha chipinda cha seva anachigunda ndi phewa kawiri, loko n'kuthyoka. Anagwada, anapisa dzanja kuseri, chingwe chija zuu! Timagetsi tobiriwira tinasiya kuphethira.

"Mwaona nonse?" anakuwa abwana. "Wathyola chitseko! Mwaona?"

Anaonadi onse, manesi ndi odwala omwe, mboni zodzaza kolido. Mawaya anadziwa kuti lero akagona m'chitokosi, ndipo palibenso amene adzamupatse makiyi a seva moyo wake wonse. Zinamuwawa zedi, misozi yaukali n'kulengeza. Anakulunga chingwecho kudzanja, n'kukhala pansi atatsamira seva.

"Aitaneni apolisiwo," anatero. "Koma asanafike, amene akufuna kulumikizanso chingwechi ayambe wandithyola zala."