Batani la Inde

Mchimwene wanga wamng'ono timamutchula kuti Katswiri, ndipo dzinali linamulowa m'mutu. Tonse awiri timapanga mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala. Iye amalemba pulogalamuyo, ine ndimasankha zilembo ndi kuyala zinthu pasikirini.

Tsiku lina anandiuza kuti akufuna kufunsira banja chibwenzi chake, nesi wina wovala magalasi. Koma osati pakamwa ayi. Apanga kapulogalamu koti ukatsegula pazituluka funso, pansi pake mabatani awiri, Ayi kumanzere, Inde kumanja.

"Achemwali, apa musaikepo dzanja. Izi ndi za mumtima."

Ndinangoti chabwino, nthiti zikundiyabwa ndi phwete. Anasankha zilembo zopotanapotana ngati ulusi wosokonekera. Pakompyuta yake yaikulu zinkakongola, ndisaname. Inde uja anamupaka golide, n'kumangomusuntha uku ndi uku akumwetulira yekha.

"Wayesa pafoni ina?" ndinamufunsa.

"Chikondi sayesa, achemwali."

"Chikondi sayesa, koma sikirini amayesa."

Ananditsonya. Mawu a akulu akoma akagonera, ndinangodziuza choncho.

Anatumiza kapulogalamuko kwa nesiyo masana, n'kuyamba kuzungulira chipinda chonse. Foni ili zii. Anakhala, anadzuka, anamwa madzi anga. Nanenso mantha anandigwira, chifukwa mtsikanayo ndimamukonda.

Kenaka tinamva phazi pamasitepe, chitseko n'kutseguka. Nesi uja, yunifolomu ili m'thupi, ali wefuwefu, foni m'mwamba.

"Kodi mukundifunsira kapena mukundithamangitsa?"

Tinasuzumira. Mayo ine! Foni yake inalibe zilembo zopotana zija, ndiye inaikapo zake zonenepa. Komanso mwini wake anazikulitsa kalekale chifukwa cha maso. Funso linadzaza sikirini yonse, pansi pake pali Ayi yekha, wamkulu, wonyada. Inde wagolide anakankhidwira kunja, osaoneka ngakhale mchira.

"Ndaitembenuza, ndaigwedeza, ndaizimitsa n'kuiyatsanso," anatero nesi. "Inde wanga mwamuika kuti?"

Ine ndinagwera pampando, misozi ili chuchuchu ndi kuseka. Katswiri thukuta kamukamu, anathamangira pakompyuta.

"Dikirani pang'ono, ndikonza pompano, ndingochepetsa..."

Nesi anamugwira dzanja.

"Masitepe onsewa ndakwerera kompyuta? Pakamwa muli napo."

Katswiri anafunsa. Anachita chibwibwi, mawu anatuluka opotana kuposa zilembo zake, koma anafunsa. Inde amene anatuluka apo anamveka mpaka pansi, amatayala anasiya ntchito n'kuyamba kuimba malikhweru. Ine ndinalumpha, kukumbatira onse awiri, kukuwa kuti mlamu, mlamu wanga!

Titapuma, ndinatola foni ija patebulo. Ayi anali pomwepo, akudikirabe. Njira yonse kuchokera kuchipatala anali pansi pa chala cha mlamu wanga, ndipo sanamukhudze.